Njerwa tidaumba, simenti idaperewera

Kwathu kuno ku Ludzi sukulu idabwera ndi tchalitchi, boma lidatsatira pambuyo. Ansembe a chipani cha White Fathers adafika ku Kachebere mu 1903, adatsegula Guilleme mu 1935, ndipo m'zaka za m'ma 1940 adadzakhazikitsa mishoni ya Ludzi. Masiku amenewo Mchinji inkatchedwa Fort Manning, Chipata kutsidya kwa malire nkukhala Fort Jameson. Boma tinkalidziwira pa msonkho ndi pa mesenjala wa DC. Zoti mwana wa m'mudzi adziwe kulemba dzina lake zidali m'manja mwa amishoni.

Sukulu imene ndidayambira Sub A, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, idali ya nsichi zomata ndi dothi, denga lake la udzu. Lamulungu inkasanduka tchalitchi, ndipo aphunzitsi athu omwewo ndiwo ankatsogolera mapemphero ansembe akakhala kuti sadabwere. Mipando idali timizere ta dothi toumbidwa pansi, tofika m'mawondo mwa mwana. Tidayamba kulemba ndi chala pa fumbi panja, ndipo sileti ankaigwira okhawo amene aonetsa kuti dzanja lawongoka. Si makolo onse amene ankafuna kuti ana awo alowemo. Ena ankati amishoni akufuna kulanda anyamata kudambwe, ndipo mikangano ya sukulu ndi gule idatha zaka isanazizire.

Chimene ndikufuna achinyamata a lero amve ndi chakuti sukulu yaudzu ija sinkakalamba. Tinkaisamala monga momwe timasamalira nkhokwe: chaka ndi chaka chowola chichoke, chatsopano chilowe. Mu Juni ndi Julaye, moto wolusa usanalowe m'madambo, amayi ankamweta udzu nkusenza mitolo kudzaunjika pabwalo la sukulu. Abambo ankabwera ndi mapaso ndi luzi. Tsiku lofolera, dzuwa lisanapendeke ntchito inkatha. Lachisanu atsikana ankatunga madzi nkuzira pansi, anyamata tikumata pamene khoma lagumuka. Panalibe chimene chikadaonongeka pa nyumba ija choti mudzi nkulephera kukonza ndi manja ake. Sindikuilakalaka ayi. Munali mdima, mvula yamphamvu inkadontha, ndipo moto umodzi wokha unkatha kuimaliza. Koma mwini wake ankadziwika, ndipo zokonzera zake zidali kuthengo ndi kudambo, osati kusitolo.

Nditapita kukapitiriza makalasi apamwamba ku mishoni ndi pamene ndidaona koyamba chimene njerwa ingachite ikagwa m'manja mwa odziwa. Makoma adali okhuthala, maziko akuya, khonde lotambalala loti mvula isamenye khoma. Kudali amisiri a matabwa ndi omanga amene ntchito yawo chaka chonse idali yomweyo: kukwera padenga mvula isanayambe, kukhoma msomali pamene wazuka, kusintha thabwa limene chiswe chalawa, kupaka njereza. Asisiteri a chipani cha Sisters of Charity of Ottawa, ochokera ku Canada, amene dzina lawo limamveka pa chipatala cha Ludzi ndi pa sekondale ya atsikana, adali ndi diso lomwelo. Galasi likasweka lero, sabata isanathe lina lalowa. Anthu amakonda kunena kuti azungu ankamanga zolimba. Nzoona, koma chidalimbitsa nyumba zija kwenikweni ndi chakuti padali munthu woziyang'ana ndiponso kathumba ka ndalama zokonzera.

Boma la atsamunda lidatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo njira yake idali yopatsa amishoni ndalama zothandizira sukulu zimene oyendera sukulu azivomereza. Apa ndi pamene padachokera magulu awiri amene tidakula nawo: sukulu zothandizidwa ndi boma ndi sukulu zosathandizidwa. Ku yosathandizidwa, mphunzitsi ankadya za makolo ndi za mpingo. Mudzi uliwonse unkalakalaka kuti sukulu yake ilowe m'kaundula wa zothandizidwa, ndipo yankho limene tinkalandira, ngakhale titalandira ufulu mu 1964, lidali limodzi: yambani mwamanga. Mangani mdadada wa njerwa ndi nyumba ya mphunzitsi, boma lidzakutumizirani mphunzitsi.

Choncho m'zaka za m'ma 1970, ine ndili mnyamata wokwatira kumene, midzi yathu idagwirizana zomanga mdadada wa zipinda ziwiri. Idali nthawi ya Kamuzu, nthawi ya chitukuko chodzithandiza. Ndinene mosabisa kuti kudzipereka kudalipo, koma mantha adaliponso. Nyakwawa ikalengeza tsiku lachitukuko, apampando a chipani ndi ayufi ankayenda khomo ndi khomo, ndipo wojomba ankalipa nkhuku. Komabe ambiri a ife tinkapita ndi mtima wonse, chifukwa tidatopa kuona ana aang'ono akuwoloka madambo odzaza madzi kutsata sukulu yakutali.

Njerwa tinkaumba m'chilimwe, kuyambira mu Ogasiti, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Mudzi uliwonse udapatsidwa chiwerengero chake. Tinkasankha chulu chabwino, kugumula dothi madzulo, kulithira madzi kuti ligone likunyowa, m'mawa nkuliponda ndi mapazi mpaka lifewe bwino. Amayi ndiwo adavutika koposa, pakuti madzi onsewo adabwera pamitu pawo kuchokera kudambo. Wina ankadzaza chikombole, wina kuthamanga nacho kukakhuthula pabwalo losesedwa, wina kufunditsa udzu kuti dzuwa lisang'ambe njerwa zisanaume. Zitauma tidapanga uvuni, kusiya makomo a moto m'munsi, nkuumata ndi matope. Nkhuni zake sizidali tinthambi. Tidagwetsa miwanga ndi mitondo ikuluikulu, ngolo zikukoka, ndipo moto udayaka usana ndi usiku, amuna tikugona pomwepo kusinthana kusonkhezera. Njerwa yopsa bwino ukaigogoda imalira, ndipo zathu zinkalira. Pofika Sabata ya Achinyamata, imene inkachitika chaka chilichonse mvula ikamatha, ana asukulu ndi akulu omwe tinkandandalika mzere kupatsirana njerwa kuchokera pa uvuni kufika pamalo omangapo.

Tidalonjezedwa simenti. Idabwera, koma matumba ochepa kwambiri, oti sakadakwana ngakhale maziko okha. Tidakhala pansi pa mtengo kukambirana ngati tidikire kapena tiyambe. Mmisiri wathu, bambo wachikulire amene adaphunzira ntchito yomanga ali ku Salisbury, adatiuza zoona zokhazokha. Adati akhoza kumanga ndi matope, simenti yochepayo nkuisungira pansi ndi potsekera mizere ya njerwa kunja, ndipo nyumbayo idzasunga ana kwa zaka khumi kapena khumi ndi zisanu, kufikira boma litadzamanga yeniyeni. Tidavomera. Maziko tidakumba osafika m'chiuno. Lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa mawindo, amene amamanga makoma anayi kuti akhale chinthu chimodzi, padalibe. Mitengo ya denga idali bulugama wosathira mankhwala. Malata tidagula ndi ndalama zosonkha titagulitsa mtedza ndi fodya ku Admarc, ndipo tidatenga opepuka chifukwa ndiwo tikadakwanitsa. M'malo mwa mawindo tidasiya zibowo pakati pa njerwa.

Tsiku lotsegulira kudavinidwa chimtali mpaka madzulo, ndipo ine ndidanyada. Ndimanyadabe. Palibe amene adatinamiza za mphamvu ya nyumba ija, tonse tidamva mawu a mmisiri. Chimene sitidachiganizire ndi chakuti posiya udzu nkutenga malata, tidasiyanso mphamvu yokonza sukulu ndi manja athu. Udzu umamera kudambo, lata limafuna ndalama. Khoma la nsichi likagumuka umamata, koma khoma la njerwa likang'ambika kuchokera m'maziko, kumata nkungobisa. Kuyambira tsiku limenelo sukulu yathu idafunikira thumba lokonzera, ndipo thumba limenelo padalibe amene adalisoka. Fizi imene makolo ankalipira siyinkabwerera kudzagula msomali.

Zaka khumi ndi zisanu zija zidakwana, zidapitirira. Kenaka idafika 1994. Boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana m'dziko muno adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Nthawiyo nkuti ndili m'komiti ya sukulu, ndipo ndidaona ndi maso anga ana a matenanti a m'maesiteti a fodya, ena msinkhu woti nkukwatira, atabwera kudzalembetsa Sitandade 1. Chidali chinthu chabwino, ndipo aliyense wonena kuti sukulu yaulere idaononga maphunziro akayambe wafunsa mayi amene mwana wake adaphunzira kuwerenga chifukwa cha iyo. Koma walira mvula walira matope. Aphunzitsi adalembedwa mwachangu, ambiri asanapite kukoleji. Makalasi adasefukira kunka pansi pa mitengo ya mango, m'tchalitchi, ndi m'zisakasa zimene tidamanga mofanana ndi zigafa za fodya. Mdadada wathu, umene nthawi yake yopuma idali itakwana, m'malo mwake udalandira ana ochuluka kawiri kuposa kale.

Pakati pa zaka za m'ma 1990 kudabwera pulogalamu ya MASAF, ndi ndalama za ngongole ya World Bank. Mwa njira zonse zimene ndaziona, iyi ndiyo idayandikira chilungamo. Mudzi unkaonetsa njerwa, mchenga ndi miyala, MASAF nkupereka ndalama za simenti, malata, matabwa ndi malipiro a mmisiri. Ndalamazo zinkalowa m'buku la kubanki la komiti yosankhidwa ndi anthu, ndipo amayi ndi abambo wamba adaphunzitsidwa kusunga malisiti ndi kuwerengera matumba a simenti pamaso pa gulu. Midadada yambiri imene mukuiona m'midzi ya Mchinji, ya mawindo a zibowo za simenti, ndi ya nthawi imeneyo. Nafenso tidaumbanso njerwa, mitengo ina idagwanso, ndipo tidapeza zipinda zina ziwiri zomangidwa bwino. Koma popeza ana adali ochuluka, palibe amene akadayerekeza kunena kuti zatsopanozo zilowe m'malo mwa zakale. Zidangowonjezera.

M'chaka cha 2000 tidamva pa wailesi nkhani ya K187 miliyoni ya ku unduna wa zamaphunziro, ndalama zimene zidalipidwa kwa makontilakitala pa ntchito zomanga sukulu zimene zina sizidathe, zina sizidayambike nkomwe. Sindidzaiwala mmene anthu adakhalira chete pa msonkhano wa makolo wotsatira. Mayi wina amene adasenza madzi a njerwa zathu zoyamba adangofunsa kuti ndalama zimenezo zikadagula matumba angati a simenti. Kuyambira pamenepo kuitana anthu ku chitukuko kudayamba kuvuta, ndipo sindiwadzudzula.

Zidabweranso njira zina. Thumba la chitukuko cha m'dera la aphungu lidayamba mu 2006, ndipo lamangadi zipinda m'malo ena, ngakhale aliyense woyenda m'midzi adaonapo makoma olekezera pa mawindo, udzu utamera m'kati, chifukwa woyambitsa adagwa pa chisankho ndipo wolowa m'malo akufuna kuyamba chake. Cha m'ma 2010 sukulu zidayamba kulandira ndalama zake m'mabuku a kubanki, zoti ahedi, komiti ndi makolo azigwirizana pogwiritsa ntchito. Ndalama zimenezi zathandiza: choko, maloko, zitseko, kukumba chimbudzi, kulipira mphunzitsi wothandizira. Koma sizingagule denga, ndipo sizidapangidwire zimenezo.

Lero mdadada wathu uja watha zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo mukadali ana. Khoma la kuvuma lili ndi mng'alu wochokera pansi kufika kudenga, woti dzanja la munthu wamkulu limalowa. Tidaumatapo kangapo, umatsegukanso mvula iliyonse. Mitengo ya denga chiswe chidadya m'kati, kunja kukuoneka ngati ilipo. Malata adachita dzimbiri m'mabowo a misomali, kotero kuti tidasanjikapo miyala ndi njerwa kuti mphepo isawanyamule, ndipo miyala yomweyo ili pamwamba pa mitu ya ana. Simenti ya pansi idatha kalekale, kwatsala maenje ndi fumbi lodzetsa chifuwa. Mileme idamanga mudzi kudenga, fungo lake limakulandira uli pakhomo. Kumwamba kukada, mphepo nkuyamba, mphunzitsi amatulutsa ana kuti azipita kwawo, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale masiku otere ndi ambiri.

Chimene chimandiwawa koposa ndi chakuti m'zipinda zotere mumakhala ana aang'ono. Pafupifupi sukulu iliyonse imapereka chipinda chabwino ndi madesiki kwa a Sitandade 8 chifukwa cha mayeso. A Sitandade 1 ndi 2, amene ndi ochuluka kuposa onse ndiponso sangathe kuthawa msanga, ndiwo amapatsidwa chipinda chong'ambika kapena mthunzi wa mtengo. Mdzukulu wanga wamng'ono amakhala m'menemo, pansi pa njerwa zimene ndidaumba ine. Mu Juni 2018, pa sukulu ya Nantchengwa ku Zomba, khoma lidagwera ana ali m'kalasi ndipo anayi adamwalira. Akuluakulu adapita kukapepesa, dziko lidalira. Ife kuno tidapita kukayang'ana mng'alu wathu, ndipo m'mawa mwake ana adalowamonso chifukwa kwina kowaika kudalibe.

M'chaka chomwecho cha 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zaboma ndi zina zikuluzikulu, pofuna kuteteza mitengo. Ine amene ndidagwetsa miwanga ndi nkhwangwa yanga sindingatsutse. Kumene tinkadula nkhuni za uvuni lero ndi minda yokhayokha, fodya adamaliza zotsala, ndipo amayi akuphikira zitsononkho. Koma lamulo limeneli lili ndi tanthauzo limene akuluakulu ayenera kulivomereza poyera. Njerwa ndiyo idali chuma cha mudzi pa chitukuko. Mabuloko a simenti mudzi sungaumbe popanda ndalama. Tsono mawu akale aja akuti yambani mwamanga adatha ntchito. Chimene tingapereke tsopano ndi mchenga, miyala, madzi ndi maso olondera katundu. Zotsalazo ndi za boma.

Ndamva za pulogalamu ya MERP, yothandizidwa ndi World Bank ndi Global Partnership for Education, imene idabwera ndi cholinga chomanga zipinda 10,900 m'sukulu za pulaimale m'dziko muno, pogwiritsa ntchito amisiri a m'madera momwemo. Ndikuyamika, ndipo ndikondwa kuti maganizo oti anthu a pamalopo aziyang'anira ntchito abwereranso. Kusowa kwa zipinda nkwakukulu: boma limafuna ana 60 m'chipinda chimodzi, pamene kwa zaka zambiri ziwerengero za unduna zakhala zikuonetsa ana oposa 100. Koma pali chinthu chimene chiwerengero chotere chimabisa. Chaka chilichonse ahedi amadzaza fomu ya kalembera wa sukulu, ndipo chipinda cha njerwa zootcha ndi malata chimalowa m'gulu la zipinda zokhazikika. Zipinda zathu ziwiri zija zimawerengedwa pamodzi ndi zomangidwa dzulo. Pogawa ana ndi zipinda, sukulu yathu imaoneka ngati ili bwinoko kuposa ina, chonsecho ziwiri mwa zipinda zake nzoyenera kugwetsedwa. Midzi imene idadzithandiza msanga m'zaka za m'ma 1970 ndiyo ili ndi nyumba zokalamba kwambiri lero, ndipo khama lake lomwelo ndilo likuiika kumbuyo pa mzere.

Kumanga chatsopano kuli ndi mwambo wake: mwala wa maziko, riboni, nyimbo, dzina pa chikwangwani. Kugwetsa chipinda chowola nkumanga china pamalo pomwepo sikuwonjezera nambala imene munthu angaitchule pa msonkhano, nchifukwa chake sikukopa andale. Koma lamulo la maphunziro la 2013 lidati maphunziro a pulaimale ndi okakamiza. Ngati boma likuuza kholo kuti mwana wako ayenera kukhala m'chipinda ichi kuyambira m'mawa mpaka masana, boma lomwelo liyenera kuyankhapo za khoma ndi denga la chipindacho. Kholo silingakakamizidwe kutumiza mwana, nkukakamizidwanso kupemphera kuti mphepo isaombe.

Zimene ndikupempha si zachilendo, ndi zomwe ndidaziona zikuchitika ku mishoni ndili mwana. Katswiri wa zomangamanga ayende m'sukulu zonse m'chilimwe, agogode makoma, akwere kudenga, alembe kuti ichi nchokonzeka, ichi nchogwetsa, ndipo mndandandawo uwerengedwe pamaso pa mafumu ndi makolo. Pa ndalama zilizonse zomangira zipinda, gawo lipatulidwe la kulowetsa m'malo mwa zogwetsedwazo, ndipo zimenezi ziyambe. Chipinda chatsopano chilichonse chibwere ndi kandalama ka chaka ndi chaka kokonzera, kofika mu Ogasiti kapena Sepitembala pamene mmisiri angathe kukwera padenga, osati mvula ili pakati. Ndipo pomanga pasakhalenso kuchepetsa simenti ya maziko ndi lamba wa konkire kuti zipinda zichuluke pa pepala, chifukwa zotsatira zake ife tazikhalira zaka makumi asanu.

Pa msonkhano wa makolo chaka chino tidagwirizana kuti tsiku limene zipinda zolowa m'malo zidzatheke, mdadada wakalewo tidzagwetsa tokha, osalipidwa. Anyamata adzayamba ndi kutsitsa miyala ili padenga, kenaka malata. Njerwa zambiri zikadali zolimba, ndipo popeza tidamangira matope, zidzachoka zosasweka. Amayi apempha kuti zidzamangire khitchini yophikiramo phala la ana ndi chipinda chosinthiramo atsikana, ndipo mafumu avomera. Mchenga tayamba kale kututa, ngolo zitatu za m'mudzi mwathu zikupita kumtsinje Loweruka lililonse mvula isanatseke njira.